Chifukwa chake amayi amaoneka ochepa pa kalembera wa alimi

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake ziwerengero zimaonetsa alimi aakazi ochepa pomwe ku Lunzu ndi ku Chileka minda yambiri ndi ya amayi. Nkhani yagona pa funso la olemba. Akafunsa kuti mutu wa banja ndani, amalemba bambo, ngakhale ali pachikamwini ndipo amaswera kuntchito ku Limbe. Choncho mu lipoti la kalembera muziona tebulo la amene amayendetsa munda uliwonse, osati la mitu ya mabanja. Achinyamata olima m'minda ya makolo amabisikanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake alimi amaoneka ngati okalamba okhaokha.

Muzionanso chaka chimene kalemberayo anachitika. Kalembera wa ulimi ndi ziweto wa NSO (ofesi ya boma yoona za ziwerengero) wa 2006/07 ndi wakale ndithu. Amene anali ana nthawi imeneyo pano akulima paokha.