Opikisana nane amatengera chilichonse chimene ndayamba, nditani?

FUNSO: Akonzi, ndili ndi bizinesi yaing'ono, koma chatsopano chilichonse chimene ndayamba, opikisana nane amachitengera msanga kenako n'kutsitsa mitengo. Ndimamva kuti makampani akuluakulu amayamba aunika msika asanachite kanthu. Kodi kuunika koteroko kungandithandize inenso?

YANKHO: Kungakuthandizeni ndithu, ndipo sikulira ndalama zambiri. Mu 1979, Michael Porter, mphunzitsi wa pa sukulu ya ukachenjede ya zamalonda ya Harvard Business School ku America, anafotokoza zinthu zisanu zimene zimachititsa kuti phindu pa malonda likule kapena lichepe: kukula kwa mpikisano pakati pa amene ali kale pamsika, kuphweka koti atsopano alowe, mphamvu za amene amakugulitsani katundu, mphamvu za ogula, komanso kupezeka kwa katundu wina amene angalowe m'malo mwa wanu.

Vuto lanu lagona pa mfundo ziwiri zoyambazo. Ngati wina angatengere zimene mukuchita pa sabata imodzi, ndiye kuti zimenezo sizingakuikeni patsogolo kwa nthawi yaitali, ndipo kulimbana naye potsitsa mitengo kumangodya phindu la nonse awiri. Njira ya mitengo yotsika imapindulitsa yekhayo amene amawononga ndalama zochepa kuposa anzake popeza katundu, ndipo kawirikawiri ameneyo amakhala wamkulu amene amagula zambiri nthawi imodzi. Inu mungachite bwino kusankha gulu limodzi la makasitomala n'kulitumikira m'njira yovuta kuitengera.

Tsegulani buku lanu la malonda, muone makasitomala amene amabwerabwera ndi katundu amene amatenga, kenako muwafunse chimene chimawabweretsa kwa inu. Wina akanena kuti n'chifukwa chakuti simuchedwetsa katundu wake, kapena kuti mumadziwa zimene amafuna asanalankhule, mwapeza chinthu chimene wopikisana nanu sangachigule tsiku limodzi, chifukwa kukhulupirika kumamangidwa pang'onopang'ono.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti amalonda ambiri amaiwala mfundo yachisanu ija. Mwachitsanzo, injiniya wa Kodak, kampani yopanga makamera ndi filimu, Steven Sasson, anapanga kamera ya digito mu 1975, koma kampaniyo inapitiriza kudalira phindu la filimu yojambulira zithunzi pamene makamera a digito ankalowa m'malo mwa filimuyo, ndipo mu 2012 inapempha khoti kuti liiteteze chifukwa cha ngongole. Choncho pakapita miyezi ingapo muzibwereza kuunikaku, ndipo muzifunsanso makasitomala amene anasiya kubwera kuti tsopano akugula chiyani ndiponso kwa ndani.