Wilibala Yokankhidwa ndi Thirakitala ya Matayala Awiri: Mayankho kwa Alimi a M'zitunda

Alimi ena a kuno ku Harare omwe ali ndi madimba ku Domboshava ndi ku Goromonzi atumiza mafunso okhudza wilibala imene imamangidwa kutsogolo kwa thirakitala ya matayala awiri. Ambiri akufuna kunyamulira manyowa, mchenga ndi mabokosi a matimati opita ku Mbare Musika.

Mlimi wina wafunsa ngati thirakitala iliyonse ingamangidwe wilibala yotereyi.

Ayi, bambo. Imakwanira bwino pa mathirakitala a ku Italy monga BCS ndi Grillo, chifukwa mahandulo ake amatembenuka n'kuloza mbali ya injini, ndipo wilibalayo imamangidwa pamene pamakhala khasu lozungulira. Mathirakitala ambiri a ku China oyendera malamba ali ndi injini kutsogolo ndipo mahandulo satembenuka, choncho amayenerana ndi ngolo yokoka. Pa a ku Italy aja, mukatembenuza mahandulo, makina amayenda cha kumene kale kunali kumbuyo. Sinthanitsani matayala, lakumanzere lipite kumanja, kuti nsonga za mizere ya pamwamba pa tayala ziloze kumene mukupita. Mukapanda kutero, mizereyo imadzaza matope ndipo tayala limangozungulira pamodzimodzi.

Funso lachiwiri: ndinyamule katundu wochuluka bwanji?

Kulemera kolembedwa pa wilibala n'kwa malo athyathyathya. Pachitunda yambani ndi theka lake. Komanso musayese ndi maso. Ndowa ya malita 20 ya mchenga wonyowa imafika makilogalamu 35 mpaka 40, pamene ya manyowa a ng'ombe nthawi zambiri siifika n'theka lomwe. Ndowa 5 zokha za mchenga zikuyandikira kale matumba 4 a feteleza wa Compound D. Zolemera muziike kumbuyo kwa wilibala, pafupi ndi thirakitala, ndipo musaunjike kupitirira mkombero.

Yezaninso chitundacho. Kokani chingwe cha mamita 10 chili pa levulo, ndipo kumapeto kwake muyeze kuchoka pachingwe kufika pansi. Mita imodzi si vuto. Mamita awiri, theka la katundu. Zikapitirira mamita awiri ndi theka, komwe ndi pafupifupi madigiri 15, lambulani njira ina yozungulira.

Amene akudandaula kuti injini ikuoneka yofooka akumbukire kuti Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo injini ya petulo imataya mphamvu pafupifupi 15 pa 100 iliyonse pamtunda wotere.

Mayi wina akuti pokwera makina amayenda bwino, koma potsika amamuthawa. Apa ndiye pagona nkhani.

Pokwera, kulemera kumabwerera pa matayala a thirakitala ndipo amaluma dothi. Potsika, kulemera kumathamangira kutsogolo pa timatayala ta wilibala, matayala okoka aja amapepukidwa, ndipo ndi omwewo amene amayenera kugwira katundu yense. Choncho, mayi, mlingo wa katundu wanu ndi umene makina angathe kuimitsa pamtsetse, osati umene angakwere nawo.

Imani pamwamba, lowetsani giya yoyamba, chepetsani moto, kenako yambani kutsika. Musagwire kalachi kapena kusintha giya muli pakati pamtsetse, chifukwa mukatero mwalekanitsa injini ndi matayala, ndipo palibenso chogwira katunduyo. Ngati thirakitala ili ndi loko ya difu, yomwe imachititsa matayala onse awiri kuzungulira limodzi, itsekeni musanatsike kuti tayala limodzi likaterera linzake ligwire, ndipo muitsekule pofuna kukhota. Wonjezani kulemera pa matayala okoka: zitsulo za makilogalamu 15 mpaka 20 mbali iliyonse, zomwe owotcherera zitsulo a ku Magaba, ku Mbare, angakupangireni mukawapatsa muyeso wa mabowo a limu. Inuyo mukhale kumtunda kwa makina, ndipo pasakhale mwana kapena wantchito kumunsi. Makina akapulumuka, asiyeni apite. Munthu sangalimbane ndi makilogalamu 300 otsetsereka.

Eni mathirakitala a ku China okoka ngolo amvetsere izi: timahandulo tokhotera timagwira ntchito mosemphana pamtsetse. Mukafinya kakumanzere, tayala lakumanzere limamasuka n'kuthamanga kuposa linzake, ndipo makina amakhotera kumanja. Potsika khotani ndi mphamvu ya manja pa mahandulo aakulu.

Nanga kudutsa chopingasa m'mbali mwa chitunda?

Pewani. Timatayala tozungulira ta wilibala timalondola kumunsi, mphuno imakhota yokha, ndipo katundu akapendekeka zonse zimagubuduzika. Ngati palibe njira ina, khomani timatayalato kuti tisazungulire ngati tili ndi pini yake, kulitsani mpata wa pakati pa matayala a thirakitala, ndipo salazani kanjira ka mita imodzi ndi theka m'lifupi. Pokhuthula, imani pamalo osalala. Kutsanula mutaloza kumunsi kumanyamula matayala akumbuyo.

Pa za injini yozima yokha pachikweza, yang'anani oyilo. Mainjini ang'onoang'ono ambiri amamwaza oyilo ndi kasupuni ka mkati, ndipo akapendekeka kwambiri oyilo amathawira mbali imodzi. Ena a petulo ali ndi kachipangizo kozimitsa injini oyilo akachepa. Kachipangizoka musakadule. Dzazani oyilo mpaka pa mzere wapamwamba makina ali pa levulo, m'mawa uliwonse. Injini za dizilo za thanki yamadzi yotsekula pamwamba zimakhavula madzi pachitunda, choncho muziwonjezera pafupipafupi.

Kuyambira Novembala mpaka Malichi, katondo wonyowa ndi miyala ya ndere ya ku Domboshava zimaterera ngati sopo. Mvula ikagwa, dikirani tsiku limodzi kapena awiri, ndipo manyowa ambiri muwatute mu Ogasiti ndi Seputembala njira zikadali zouma.