Bwanji Boma Silingokweza Msonkho wa Migodi?

FUNSO: Akonzi, ine ndimagulitsa nyemba, mtedza ndi kapenta pamsika kuno ku Chipata. Tsiku lililonse ndimadula tikiti ya pamsika, ndikatumiza ndalama pafoni amadulapo msonkho, ndipo wagalimoto amene amandibweretsera katundu amandiwerengera ndi ndalama za pa toll gate zomwe. Bwanji boma osangokhometsa msonkho waukulu eni migodi ya kopa kuti ife osauka tipumeko? Ndine Mayi wa ku Kapata.

YANKHO: Mayi, dandaulo lanu ndi lomveka, ndipo maganizo anuwo boma linawayesapo kale. Mu January 2015 msonkho wa migodi yokumbidwa pamtunda unakwera kuchoka pa 6 peresenti kufika pa 20 peresenti. Kampani ya Barrick inalengeza kuti iimitsa ntchito pamgodi wa Lumwana, anthu ambiri anaopa kuchotsedwa ntchito, ndipo pofika July chaka chomwecho boma linautsitsa msonkhowo kufika pa 9 peresenti. Ine ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti kopa wathu ayenera kupindulira dziko lino, koma mwini ndalama akaona kuti phindu lachepa amasamukira kwina, ndipo mgodi wotsekedwa sulipira ngakhale ngwee imodzi.

Zomwezi timazionanso pakhomo pathu pomwe. Malire a Mwami ali pafupi, ndipo msonkho wa katundu ukakwera mopitirira muyeso, matumba amayamba kudutsa usiku panjinga m'njira zachidule, kotero kuti bungwe lotolera misonkho la ZRA limatolera zochepa, pamene wamalonda wokhulupirika amene walipira zonse amasowa makasitomala chifukwa katundu wake wadula.

Komatu kutsitsa misonkho nakonso kuli ndi mtengo wake. Kuyambira mu January 2022 ana akuphunzira osalipira m'masukulu a boma, ndipo chaka chomwecho ndalama za chitukuko cha m'madera, zotchedwa CDF, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Onjezanipo feteleza wotsika mtengo wa ndondomeko ya boma ya FISP amene alimi a ku Katete ndi ku Lundazi amadikira chaka ndi chaka, mankhwala a m'zipatala, komanso ngongole zimene dziko lathu linalephera kubweza mu November 2020. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Munthu aliyense wonena kuti msonkho wakuti uchotsedwe ayeneranso kunena chimene tichepetse, kapena amene alipire m'malo mwake, ndipo apa m'pamene malonjezo ambiri a nthawi ya kampeni amagwera.

Pali mfundo imodzi imene ndikugwirizana nanu kotheratu. Tikiti ya pamsika sisintha, kaya mwagulitsa ndowa yonse ya nyemba kapena mwabwerera nayo kunyumba, pamene wantchito wolandira malipiro ochepa kwambiri sadulidwa konse msonkho wa pa malipiro wotchedwa PAYE. Msonkho wotere umapweteka kwambiri wosauka, ndipo m'poyenera kuti olipirawo aziona madzi, zimbudzi zaukhondo ndi zinyalala zochotsedwa pamsika wawo. Sungani matikiti anu onse, mugwirizane ndi anzanu a m'komiti ya msika, ndipo mukamufunse khansala wanu kuti akuonetseni ndalama zimene zimatoleredwa pamwezi ndi ntchito imene zagwira.