Tayala la 2.4 pa limu ya 19 mm lilowa, koma simudzakondwera nalo

Achimwene, mwati mwagula mawilo a njinga ogwirapo kale ntchito, pa limu palembedwa 622x19, ndipo mukufuna kuvekapo tayala la 29x2.4 lopanda chubu. Ine ndinganene kuti musatero.

Nambala ya 622 ndi kukula kwa limu m'mamilimita, poyeza kudutsa pakati pa wilo kuchokera pamene mlomo wa tayala umakhala. Njinga za 29 ndi za 700c zonse ndi 622, za 27.5 ndi 584, za 26 ndi 559. Apa palibe vuto, tayala lanu ndi la wilo lomwelo. Vuto lili pa 19. Kumeneku ndi kutambalala kwa limu mkati, pakati pa zipupa ziwiri zija. Anthu ambiri amayeza kunja n'kuganiza kuti limu yawo ndi yaikulu, koma tayala limagwira mkati. Tsono 2.4 ndi mainchesi, omwe ndi mamilimita 61. Ndiye kuti tayala laposa limu katatu n'kupitirira.

Kulowa lilowa, ndipo mukapopa liwoneka bwino. Koma tayang'anani kutsogolo kwake: liwoneka ngati babu la magetsi, lothina pansi, lofufuma pamwamba. Zipupa za tayala zimasowa pogwira. Mukamayenda msewu wowongoka simumva kanthu, koma pokhota mwaliwiro tayala limapindikira kumbali, njinga n'kumaterera ngati mwaponda matope. Ndi chubu, zimenezi zimangosowetsa mtendere basi. Popanda chubu nkhani imakula, chifukwa chimene chikusunga mpweya ndi mlomo wa tayala wokanikizana ndi limu. Tayala likapindika kwambiri mlomo uja umatseguka kwa kanthawi, mpweya n'kutuluka kamodzi n'kamodzi, nthawi zina ndi sealant yemwe, mankhwala amadzimadzi othira m'tayala kuti azitseka tizibowo. Zinandichitikira potsika phiri la miyala. Ndinangomva kuti fyuu, kutsogolo kwafewa, ndipo ndinayenda wapansi mtunda wonse wotsala chifukwa kapampu ka m'thumba kanalephera kubwezera tayala pamalo pake.

Wina akuuzani kuti ingopopani kwambiri. Zoona, likauma gwa silipindika. Koma munagulira chiyani tayala lalikulu, nanga mukuchotseranji chubu? Phindu lake lonse ndi lakuti muziyenda ndi mpweya wochepa, tayala lizigwira nthaka, mabampu azimezedwa. Mukalipopa ngati mwala mwangosenza kulemera kwachabe.

Pa limu ya 19 ine ndingaveke 2.0 kapena 2.1, osapitirira apo. Ngati mtima wanu uli pa 2.4, funani limu ya mamilimita 27 mpaka 30 mkati. Onaninso ngati pa tayala lanu palembedwa WT. A kampani yopanga matayala ya Maxxis amaika zilembo zimenezi pa matayala amene anapangira malimu a 30 mpaka 35, ndipo pa limu yopyapyala mano ake a m'mbali amapendekera kutali ndi nthaka, sagwira pokhota. Muyezenso mpata wa pa felemu, makamaka kumbuyo, poti nyengo ya mvula matope amafuna malo awoawo.

Kulakwitsa kwa mbali inayo n'koopsa kuposa apa, ndipo ndikunena chifukwa m'gulu muno muli a njinga za pa tala. Tayala laling'ono pa limu yotambalala limakhala lafulati pamwamba, zipupa zake zili poyera kuti miyala izing'amba, limu nayo n'kumagunda pansi. Malimu ambiri atsopano a kaboni ndi a hookless, kutanthauza kuti alibe kambedza kaja kamkati kamene kamakola mlomo wa tayala. Bungwe la ETRTO, lomwe limaika miyezo ya matayala ndi malimu ku Ulaya, limati pa malimu oterewa mpweya usapitirire 5 bar, yomwe ndi 72.5 psi, ndipo pa limu ya 25 mkati tayala lisachepere mamilimita 29 m'lifupi. Mu February 2024 pa mpikisano wa njinga wa UAE Tour, katswiri wopalasa njinga Thomas De Gendt anagwa tayala lake lakutsogolo litavuka pa limu ya hookless. Linali la mamilimita 28 pa limu ya 25. Opanga mawilowo anati wilolo linagunda chinthu panjira, koma ngoziyo inachititsa kuti UCI, bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, likumbutse matimu kutsatira miyezo. Kusiyana kwa milimita imodzi kukudetsa nkhawa akatswiri, ndiye ife tisamaveke mongoganizira.

Musanagule chilichonse, achimwene, onetsetsani kuti limu yanuyo ndi yoyenera kuyenda popanda chubu. Malimu ambiri a 19 ndi akale. Funani polembedwa tubeless ready kapena UST. Pakapanda zilembo, chotsani tayala muone mkati: limu yoyenera imakhala ndi ngalande pakati komanso kashelefu kafulati mbali zonse ziwiri pomwe mlomo wa tayala umakwera n'kulira kuti pha. Ikakhala yopanda kashelefu, siyani chubu momwemo, palibe chamanyazi. Tayala nalo likhale la tubeless ready.

Ikapezeka kuti ndi yoyenera, tepi yotseka mabowo a masipoko ikhale yokulirapo ndi mamilimita awiri kuposa mkati mwa limu, ndiye kwa inu ya 21, kuti ifike mpaka ku zipupa. Sealant muziiyang'ana pakapita miyezi iwiri kapena itatu, ndipo dzuwa la mu October limaiumitsa msanga kuposa pamenepo. Ikauma, minga imene munkaithawa ikupezani. Tajambulani mkati mwa limuyo tayala mutachotsa, muike chithunzi pano tione ngati kashelefu kalipo.