"Madzi atayika kale, fodya ndisiyirenji?"

Imelo iyi yakhala m'foni mwanga masabata awiri osayankhidwa, chifukwa inandikhudza pachilonda. Mayi wina wa ku Matawale akuti bambo ake awapeza ndi khansa ya m'mapapo, koma fodya akukana kusiya, ati madzi akatayika saoleka. Mayiwa anawerenga kuti utsi umasokoneza majini, malangizo achibadwa amene ali m'maselo a thupi lathu, ndiye akufunsa ngati kusiya pano kuli ndi phindu.

Achemwali, mawu amenewo ndinawamvapo pakamwa pa malume anga, msodzi wa ku Kachulu. Ankapichira chingambwe m'mapepala ong'amba m'kope langa la masamu, zala zawo zili zachikasu ngati apaka kale wothira m'ndiwo. Atayamba kutsokomola tonse tinati ndi TB. Anamwa mankhwala miyezi 6, chifuwa osasintha. Pomwe zinkadziwika kuti ndi chotupa, n'kuti lamba wawo tamuboola kale mabowo atatu ndi msomali. Ndipo amene ankawagulira fodya pamsika wa Mpondabwino akudwala choncho ndinali ine. Ndinkati ndikuwamvera chisoni nkhalamba. Sichinali chisoni, unali mantha owakaniza.

Kope lija lithandize kufotokoza. Majini ali ngati masamba olembedwa. Utsi wa fodya, umene uli ndi makemikolo oposa 7,000, pafupifupi 70 mwa iwo oyambitsa khansa, umawononga mwanjira ziwiri. Pena umafufuta zilembo zenizenizo, ndipo zimenezo sizibwerera. Pena zilembo zili bwinobwino, koma masamba amatidwa pamodzi moti thupi silingawerenge. Izi ndi zimene akatswiri amati epigenetics: timakemikolo ta methyl timakakamira pa DNA, momwe majini amalembedwa, n'kutseka jini. Jini ya p16, imene ntchito yake ndi kuletsa maselo kuchulukana mosalekeza, imapezeka yotsekedwa chonchi m'zotupa zambiri za m'mapapo. Pa jini ya AHRR zimachitika mosemphana, methyl amachepa, mpaka magazi okha amaulula kuti munthuyu amasuta ngakhale akane.

Nkhani yabwino ndi yoti zomatazo zimamatuka. Kafukufuku wa 2016 anapeza kuti zizindikiro zambiri za methyl pa majini zimabwerera mwakale pasanathe zaka zisanu munthu atasiya, ngakhale zina zimakakamira zaka 30.

Chimandikwiyitsa n'choti kuno fodya timachita naye manyazi kumunena. Wa bale ndiye amabweretsa ndalama zakunja, waphunzitsa ana ambiri, ineyo ndemwe ndalama ina ya fizi inachokera kuokushoni. Pangano la WHO lolimbana ndi fodya dziko lino lalowamo mu 2023, mayiko ena atalowa kalekale. Pitani pa okala iliyonse ku Chinamwali, ndudu akugulitsa imodziimodzi, mwana wa yunifolomu amugulitsa osafunsa kuti watumidwa ndi ndani. Kenako tikakhala pamaliro timanong'onezana kuti anamulodza anzake a kunyanja. Za malume anganso anatero.

Nanga mutani?

Auzeni bambo kuti madziwo sanatayike onse. Mu 2021 bungwe lofufuza za khansa la IARC linatulutsa zotsatira za odwala 517 a ku Russia amene khansa yawo ya m'mapapo inali isanafalikire kwambiri: osiya fodya atawapeza ndi matendawa anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 6.6, opitiriza zaka 4.8. Utsi umachedwetsanso kupola kwa bala la opaleshoni, ndipo umachititsa chiwindi kuchotsa msanga mankhwala ena a khansa monga erlotinib asanagwire ntchito mokwanira. Mukapita nawo kukaonana ndi adokotala, kaya ku Zomba Central kaya ku Queens, nenani poyera kuti akusutabe, ndipo funsani chowathandiza chibaba. Musawakalipire pamaso pa zidzukulu. Ndipo akakutumani ku okala, bwerani ndi nthochi.