Funsani za Bizinesi: Maphunziro, Chuku ndi Chipata cha Mwami

FUNSO: Ndife gulu la amayi opanga chiponde. Timamva kuti kuli maphunziro othandiza mabizinesi ang'onoang'ono kupeza misika yakunja. Tipite kuti, nanga tikaphunzira tingayambe kutumiza chiponde ku Ulaya? (Mlembi wa gulu, Kamwendo, Mchinji)

YANKHO: Amayi, maphunziro alipo. Bungwe la boma lothandiza mabizinesi ang'onoang'ono la SMEDCO (kale SMEDI) limaphunzitsa kayendetsedwe ka bizinesi, TEVETA imaphunzitsa luso la manja, pomwe bungwe la boma lolimbikitsa malonda la MITC limalumikiza amalonda ndi ogula akunja. Yambirani ku ofesi ya zamalonda ku khonsolo ya Mchinji, akuuzani amene akuphunzitsa panopa. Koma potumiza anthu, musasankhe atcheya ndi asungichuma okha chifukwa cha alawansi. Apite amene amasankha mtedza ndi kukazinga, popeza nkhani yonse yagona pamenepo.

Wogula wakunja sayamba wafunsa satifiketi ya maphunziro, amafunsa za chuku. Nkhungu imeneyi imasiya mu mtedza poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Mayiko a European Union salola mtedza wodyedwa ndi anthu kupitirira ma ppb 4 (magawo 4 pa biliyoni) a poizoniyu. Ndi mlingo wochepa kwambiri moti njere zochepa chabe zowola zimakanitsa katundu yense.

Chuku chimayambira kumunda. Mtedza wochedwa kukumbidwa, wobooledwa ndi khasu kapena chiswe, ndi umene umagwidwa msanga. Uumitsidwe pa milu ya Mandela cock (milu yokhala ndi mpata wa mpweya pakati) kapena pathandala, osati padothi. Chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti afewe poswa ndicho chimapha malonda ambiri kuno. Mtedza wouma kale umayamwanso madzi, ukalowa m'thumba nkhungu imamera. Woswa uzikhala ndi chinyezi cha 7 peresenti kutsika m'munsi, matumba asanjidwe pa matabwa, osagunda khoma. Alimi amene amakugulitsani angathenso kuwaza m'munda Aflasafe (mankhwala achilengedwe ochepetsa aflatoxin), makilogalamu 4 pa ekala, kutatsala milungu 2 kapena 3 kuti mtedza uchite maluwa.

Posankha chotsani wofota, wosweka, wobooka ndi wosintha mtundu. Wochotsedwawo musakasinje nsinjiro zothira m'phala la ana, monga ambiri amachitira.

Kenako lembetsani bizinesi, tengani TPIN (nambala ya wolipira msonkho) ku MRA, ndipo pemphani a Malawi Bureau of Standards (MBS) adzaone malo opangira. Amayang'ana ukhondo wa nyumba, madzi ndi zovala za ogwira ntchito, n'kutenga chiponde kukachiyeza. Pa lebulo palembedwe dzina la gulu, kulemera, zimene mwasakaniza, tsiku lopangira, tsiku lothera mphamvu ndi nambala ya gulu la mabotolo opangidwa nthawi imodzi (batch). Popanda chizindikiro cha MBS ngakhale masitolo akuluakulu a ku Lilongwe sangakulandireni, ndiye za Ulaya zidikire kaye. Sikuti n'zosatheka. Alimi a bungwe la alimi ang'onoang'ono la MASFA a ku Mchinji komweko anatumizapo mtedza ku Britain kudzera mu Fairtrade, ndondomeko yogula kwa alimi ang'onoang'ono pa mtengo wachilungamo, koma anali ambiri pamodzi ndipo mtedza wawo unkayezedwa usananyamuke.

FUNSO: Ndimakagulitsa katundu ku Chipata ndipo anzanga amati kudzera njira zam'tchire n'kotchipa. Zoona? (Mnyamata wa pa Boma, Mchinji)

YANKHO: Achimwene, kumatchipa tsiku limene simunagwidwe. Malawi ndi Zambia zili mu COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, ndipo zimatsata ndondomeko ya STR (Simplified Trade Regime), yopangidwira amalonda ang'onoang'ono. Katundu wosapitirira mtengo umene boma linaika pa ulendo umodzi, wopangidwa kapena kulimidwa m'mayiko awiriwa, komanso amene ali pa mndandanda umene maboma anagwirizana, salipitsidwa msonkho wa kasitomu. Mumadzaza fomu yachidule pachipata pomwepo, ndipo pamakhala ofisala wa desiki yothandiza amalonda. Kuyambira mu 2022 Mchinji ndi Mwami ndi chipata chimodzi, choncho mumaima kamodzi basi.

Pamene ambiri amakhumudwa ndi apa: STR imachotsa msonkho wa kasitomu wokha. VAT imakhalapobe pa katundu woyenera kulipira, ndipo mbewu zimafunabe chikalata cha unduna wa zaulimi chotsimikiza kuti zilibe matenda. Mbewu zina zimafunanso chilolezo cha unduna wa zamalonda, ndipo boma limatha kuimitsa kutumiza kunja mbewu monga chimanga. Funsani pa desiki musanapikule, osati mutafika kale ndi lole. Kaunjika ndi katundu wa ku China sizilowa mu STR.

FUNSO: Tinaphunzitsidwa kulemba mabuku a ndalama koma ndalama sizikuoneka, chonsecho katundu akuyenda. (Mayi wa ku Chatoloma, Kasungu)

YANKHO: Mayi, kawirikawiri vuto limakhala pa mtengo. Tiyerekeze kuti mwagula makilogalamu 50 a mtedza woswa, ndipo mutasankha, kukazinga ndi kupeta mwatsala ndi 40. M'mabotolo a magalamu 400 mutuluka mabotolo 100 a chiponde, osati 125. Ndalama za thumba lonse muzigawe pa 100 amenewo, muonjezerepo botolo, lebulo, magetsi kapena nkhuni, thiransipoti ndi malipiro anu omwe, ngakhale bizinesi ili yanu. Phindu liikidwe pamwamba pa zonsezo.

China, kwacha ikagwa mitengo ya mabotolo ndi mafuta imakwera sabata yomweyo. Werengerani pa mtengo umene mudzagulire katundu wotsatira, osati umene munagulira miyezi yapitayo. Ndalama za bizinesi zikhale pa akaunti yakeyake ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo chilichonse chotengedwa kupita kunyumba, ngakhale botolo limodzi la alendo, chilembedwe m'buku ngati ngongole.