Vanishi wauma, koma pena pakuwala pena pali mbuu

Mayi wina wanditumizira imelo yokhudza chipinda chawo chochezera chomwe pansi pake ndi pa matabwa. Akuti anapala vanishi wakale yense, napaka katatu vanishi wa mtundu wa polyurethane wa satin (wowala pang'ono chabe), koma atauma pansipo sipakuoneka mofanana. Kungodya kumene anayambira kukunyezimira, chakukhomo kumene anamalizira kuli mbuu, ndipo m'mbali mwa khoma mwazungulira mzere woonekera bwino dzuwa likalowa pawindo. Akufunsa kuti: "Kodi ndipake pamene pathimbirirapo pokha, kapena ndiyambirenso kupala?"

Mayi, zonse ziwirizo musachite. Matabwa anu ali bwino ndipo vanishi amene mwapaka kale sanapite pachabe. Kawalidwe kamene diso limaona kamachokera pa kupaka komaliza basi. Mukufunika kukwecha pang'ono chipinda chonse ndi kupakanso kamodzi, khoma mpaka khoma, koma ulendo uno mosamala zinthu zingapo.

Ndiyambe ndi chitini cha vanishi, chifukwa mmene mwafotokozera ndikukhulupirira kuti vuto lalikulu lili mmenemo. Polyurethane mwachibadwa chake ndi wonyezimira. Kuti akhale satin kapena matt (wosanyezimira), opanga amathiramo ufa wosalala kwambiri, kawirikawiri wa silica. Vanishi akamauma n'kuphwera, timibulu ta ufawu timasiya pamwamba pake tokhakhala tosaoneka ndi maso, ndipo kuwala kukagwerapo kumamwazika m'malo mobwerera molunjika. Koma ufawu ndi wolemera kuposa vanishi. Umadikha pansi pa chitini monga matope amadikhira m'ndowa ya madzi yomwe yakhala osagwedezeka. Munthu akangotsegula n'kuyamba kupaka, zoyamba kutuluka zimakhala zopanda ufa wokwanira, choncho zimawala, ndipo zotsalira zimakhala ndi ufa wochuluka, choncho zimachita mbuu. Onani kuti n'zimene zachitika kwanu: kowala ndi koyambira, kothimbirira ndi komalizira.

Ndiye takasani ndi kamtengo kaphanthiphanthi, kofika pansi penipeni, mukukokolola m'mbali mpaka kamtengoko kasamatulukenso ndi phala kunsonga. Musakhutchumule chitini, chifukwa thovu lake limaumira pansi n'kusiya timabowo. Ndipo kutakasa si kwa poyamba pokha. Muzibwereza pakapita mphindi 10 kapena 15, ngakhale vanishi amene mwathira kale m'thireyi. Ngati chipinda chikufuna zitini ziwiri kapena zitatu, zisakanizeni zonse m'ndowa imodzi yoyera musanayambe. Zitini za dzina limodzi koma zopangidwa nthawi zosiyana zimatha kusiyana kawalidwe pang'ono, ndipo kusiyanako kumaonekera pamene chitini china chathera.

Chachiwiri ndi kuchindikala. Pamene vanishi wachuluka, ufa uja umamira ndipo pamawala. Pamene wapyapyala, pamaoneka mbuu. Mzere wa m'mbali mwa khoma umabadwa motere: anthu ambiri amayamba ndi kuzungulira chipinda chonse ndi burashi, kenako n'kubwera ndi rola pakati. Pofika nthawiyo za m'mbali zayamba kale kuuma, ndiye rola ikapitanso pamenepo vanishi amasanjikizana kawiri. Chithandizo chake n'kupaka m'mbali pang'onopang'ono, mita imodzi kapena ziwiri patsogolo pa rola, kuti zikumane zikadali zonyowa. Apa n'pofunika munthu wachiwiri, wina pa burashi wina pa rola. Ine ndimaona kuti chipinda chachikulu si ntchito ya munthu mmodzi, makamaka ndi vanishi wosungunulira madzi, amene amayamba kugwira m'mphindi zochepa.

Pakani motsata utali wa matabwa, matabwa atatu kapena anayi nthawi imodzi, kuchoka khoma ili kukafika khoma linalo osaima pakati. Mukafuna kupuma, imani pamene thabwa lakumana ndi linzake, osati pakati pa thabwa. Pomaliza mzere uliwonse musanyamule rola mwadzidzidzi, ipepuzeni dzanja likadayenda. Ndipo pali chinthu chimodzi chovuta kupirira: mukaona kachilema pamalo amene mwadutsa mphindi zisanu zapitazo, kasiyeni. Kubwererapo kumang'amba khungu limene layamba kupangika, ndipo chipsera chake chimaposa kachilemako. Werenganinso pachitini kuti lita imodzi ikuyenera kukwana malo aakulu bwanji, muyeze chipinda chanu, muone ngati mukupaka mopyola kapena mopereweza. Ambiri amakoka vanishi kwambiri akaona kuti akutha, n'chifukwa chakenso chakukhomo kumaonda.

Simunanene kuti munapala bwanji, ndiye ndikhudzeko pang'ono. Makina aakulu opalira pakati ndi kamakina kozungulira ka m'mbali sizisiya mikwingwirima yofanana. Thabwa lopalidwa ndi sandipepa yokhakhala limamwa vanishi kwambiri kuposa losalala, choncho ngati pakati munathera pa sandipepa ya nambala 100 koma m'mbali pa 60 (nambala ikachepa, sandipepa imakhala yokhakhala kwambiri), kupaka koyamba kunalowa mosiyana. Kapalidwe kabwino kamakwera pang'onopang'ono, monga 40, 60, 80, kenako 100 kapena 120, ndipo pomaliza chipinda chonse chimadutsidwa ndi nambala imodzi. Kwa inu, popeza mwapaka katatu, matabwa akhuta kale ndipo izi sizikuvutaninso kwenikweni, pokhapokha ngati mikwingwirima yozungulira ikuonekera pansi pa vanishi. Imeneyo kupaka kwina sikungaibise.

Tsono kakonzedwe kake. Dikirani vanishi aume ndithu. Wosungunulira madzi amalola kupakanso pakadutsa maola awiri kapena anayi, pamene wa mafuta amafuna usiku wonse, nthawi zina tsiku lathunthu. Yesani pakona ndi sandipepa: ikatulutsa ufa woyera ndiye kuti wauma, ikamata n'kupanga timibulu ndiye kuti sanafike. Kwechani chipinda chonse mopepuka ndi nambala 180 kapena 220 mpaka paliponse pachite mbuu mofanana. Pamene patsala kunyezimira ndi pamene sandipepa sinafike. Cholinga si kuchotsa vanishi, koma kugwetsa mizere yotukuka ndi kupatsa vanishi watsopano pogwira. Ngati wanu ndi wa madzi, musagwiritse ntchito waya wosalala uja wokwechera, chifukwa tizidutswa take timatsalira n'kuchita dzimbiri, madontho akuda n'kutulukira pansi pa vanishi. Kenako chotsani fumbi lonse ndi makina okoka fumbi, kuphatikizapo la pamawindo ndi pamwamba pa zitseko, mupukute ndi nsalu yosathothoka yonyowa pang'ono: madzi ngati vanishi ndi wa madzi, white spirit (mankhwala osungunulira penti wa mafuta) ngati ndi wa mafuta. Polishi kapena mankhwala opopera owalitsa mipando asayandikire, chifukwa phula ndi silicone zimakana vanishi.

Nyengo ya m'chipindamo imachitanso mbali yake. Kutentha kwa pakati pa madigiri 18 ndi 25 ndiko kwabwino. Tchingani mawindo amene dzuwa limalowera, chifukwa malo otenthedwa amauma msanga vanishi asanayalane. Zimitsani fani, ndipo mphepo isawombe molunjika pansi pamene mukupaka. Komabe mpweya woipa uyenera kutuluka, makamaka wa vanishi wa mafuta, choncho tsegulani windo la chipinda choyandikana, muvale chotchinga mphuno chosefa nthunzi za mankhwala, ndipo moto uliwonse ukhale kutali. Nsanza zonyowa ndi vanishi wa mafuta musaziunjike pamodzi, zimatha kutentha n'kuyaka zokha. Ziyanikeni panja imodziimodzi kapena ziviikeni m'madzi.

Za kupaka pamene pathimbirirapo pokha, ndikudziwa kuti n'zokopa chifukwa ndi ntchito yochepa. Koma polyurethane akauma sasungunukanso ndi watsopano, amangokhala pamwamba pake. Chigamba chilichonse chimakhala ndi malire ake, ndipo madzulo dzuwa likapendeka malirewo amaoneka bwino kuposa vuto limene munkabisa. Chigamba chimatheka pa thabwa limodzi lathunthu, lotchingidwa ndi tepi m'mizere yake, koma kusiyana kwa mbali yonse ya chipinda ngati kwanuku sikungathe choncho.

Mwina mukuganiza zosintha mtundu. Ngati mukufuna kuti zilema zisamaoneke, khalani pa satin kapena mutsikire ku matt, chifukwa wonyezimira kwambiri amaulula fumbi ndi mzere uliwonse. Amisiri ena amapaka wonyezimira maulendo oyamba, satin n'kubwera pomaliza, kuti maonekedwe a mtengo asaphimbike ndi ufa wosanjikizana. Ndi njira yabwino pa ntchito yatsopano, bola zonse zikhale za kampani imodzi ndi mtundu umodzi.

Mukamaliza, musaweruze tsiku lomwelo. Vanishi wonyowa amawala paliponse, ndipo kawalidwe kake kenikeni kamakhazikika akamakhwima. Tsiku lotsatira mutha kuyendapo ndi masokosi, mipando ibwere patapita masiku angapo mochita kunyamula osati kukoka. Makapeti adikire: wa madzi amakhwima pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, wa mafuta pafupifupi masiku 30. Kapeti yoyalidwa msanga imatsekereza mpweya, ndipo mukadzaichotsa mudzapeza chithunzi chake chatsala pansi.